Zala Zitatu pa Nambala Imodzi

1. Mabuku amene chiswe chinasiya

Ku sukulu kwawo ankamutcha Mafunso, ndipo dzinali silinamugwere mwangozi. Aphunzitsi akangoti, "Alipo ali ndi funso?" kalasi yonse inkatembenukira kwa iye, ena atayamba kale kudandaula kuti nthawi yopuma yapita. Anali m'chaka chomaliza cha sekondale, mtsikana wamfupi woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Tinene zoona, analinso ndi timatama pang'ono, koma matama a munthu wolimbikira ntchito sanyansa kwenikweni.

Chaka chimenecho yunivesite inakonza mpikisano wa masukulu. Gulu lililonse la ophunzira awiri linayenera kugwiritsa ntchito kompyuta poyankha funso la mbiri yakale. Mphoto yake inali malo awiri ophunzira zamakompyuta ku yunivesiteko, osalipira kanthu. Kwa Mafunso, mwana wa mayi wosoka zovala pakhonde, malo amenewo anali khomo lokhalo limene ankaliona lotseguka.

Mnzake pa ntchitoyi anali mnyamata wamtali wotchedwa Injiniya, amene ankatha kudzutsa kompyuta yoti ena onse aitaya kale. Wowayang'anira anali aphunzitsi awo a kompyuta, amene sukulu yonse inkangowatcha Madamu. Funso lawo linali lakuti: anthu amene ankagwira ntchito mu fakitale ya nsalu, ija inatsekedwa makolo awo akadali ana, ankalandira zochuluka bwanji, ndipo ankakhala moyo wotani?

Mabuku a malipiro a fakitaleyo analipo ku nyumba yosungira zinthu zakale, koma theka lake chiswe ndi madzi zinali zitagawana. Awiriwa anajambula masamba onse otsala, zikwi zisanu ndi chimodzi. Tsamba lililonse linali ndi mizere yofanana: nambala ya wantchito, chipinda chimene ankagwiramo, masiku amene wabwera, ndi malipiro ake.

Kompyuta sibadwa ikudziwa kuwerenga zolemba pamanja. Anachita kuiphunzitsa monga aphunzitsira mwana woyamba kumene sukulu. Mafunso anakopera yekha mizere mazana asanu ndi atatu, n'kumaionetsa kuti ichi ndi seveni, ichi ndi wani wopindika mutu. Ikalakwa ankaikonza, ikalakwanso n'kuikonzanso, mpaka inayamba kukhoza mizere 96 pa 100 iliyonse.

Itazolowera, anaipatsa ntchito yachiwiri, yoyerekeza zimene zinali m'mabuku odyedwa aja poona zaka za kumbuyo ndi za kutsogolo kwake. Pomaliza anaipatsa mitengo ya zinthu yochokera m'manyuzipepala akale, kuti inene ngati malipiro a mwezi ankakwanira chakudya, sopo, parafini ndi lendi, ndiponso ngati pankatsala yogulira mwana nsapato.

Yankho litatuluka pa sikirini, Injiniya anavina ali pampando. Anali atapeza chinthu chimene palibe munthu anachinenapo. Anthu a m'chipinda cha utoto, monyika nsalu, ndiwo ankakhala bwino kuposa onse. Ankalandira zambiri, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri panalibe amene anajombapo masiku atatu otsatizana. Kompyuta inati anthu otere ayenera kuti ankadya bwino, osadwaladwala.

Lipoti analitumiza Lolemba. Mpikisano unali Lachisanu, ndipo wokayankhula pamaso pa oweruza anali Mafunso.

2. Kalaliki wa pawindo

Lachitatu masana Mafunso anafika kunyumba ndi pepala la zotsatirazo, akuyenda mapewa ali m'mwamba. Amayi ake anali kupalasa makina osokera pakhonde. Pambali pawo panali agogo ake aamuna, bambo a amayiwo, akumasula msoko wa buluku loti lichepetsedwe. Msewu wonse unkawatcha a Kalaliki, chifukwa ndiwo ankalemba ena mwa mabuku a fakitale ija. Za kumeneko sankakonda kukamba. Mdzukulu wawo akafunsa ankangoti, "Zonse zili m'mabuku, abwana, kawerengeni."

"Agogo, lero munyade," anatero Mafunso. "Pa akalaliki onse a fakitale ija, zolemba zanu ndi zimene kompyuta yathu imawerenga osalakwitsa."

"Ndiye kuti yaleredwa bwino," anatero agogo. "Yati chiyani?"

Mafunso anafotokoza zonse, akuloza ndi chala mzere wa anthu a ku utoto, umene unakwera kuposa ina yonse. Agogo anavala magalasi n'kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Sanaseke monga ankachitira masiku onse.

"Wati sankadwala?"

"Si ine, agogo. Ndi manambala."

"Manambalawo analemba ndani?"

"Inuyo."

"Ndiye khala pansi umve kwa mwini wake."

Amayi anasiya kupalasa makina. Mafunso anakhala pa mulu wa nsalu, pepala lake lili pamiyendo.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, mdzukulu wanga," anayamba agogo. "Makina akowo unawatuma kuti akakumverere, ndipo abwera ndi zimene anapeza papepala. Sindikuwanena. Koma m'chipinda cha utoto sanalowemo. Munali matanki asanu ndi limodzi owira tsiku lonse, nthunzi yake yoluma m'maso. Munthu akagwiramo sabata ziwiri chifuwa chinkamugwira, manja n'kuyamba kusupuka. Malipiro ankawonjezera, eya, nanga popanda kutero akanalowamo ndani? Koma lamulo linali lakuti ukajomba masiku atatu, nambala yako ankaichotsa pa bolodi n'kupatsa mmodzi mwa anthu odikira ntchito pageti.

"Ndiye anthu anapangana. Nambala inali ya munthu mmodzi, koma oigwirira ntchito anali atatu, mwina anayi. Mwini nambala akagwa, ankalowa mng'ono wake. Mng'ono akagwa, ankalowa mlamu. Nthawi zina ankalowa mkazi, atavala ovololo ya mwamuna wake. Onse ankamanga nsanza kumaso chifukwa cha nthunzi ija, ndipo abwana aakulu sankapondamo, ankati mukununkha. Mwezi ukatha, malipiro amene ukuwatcha ambiriwo ankagawidwa m'nyumba zitatu, ena n'kuthera kuchipatala."

"Nanga inu simunkadziwa?" anafunsa Mafunso.

"Ine ndinkakhala pawindo la pageti. M'mawa aliyense ankapereka pawindopo kachitsulo kolembedwa nambala yake. Nkhope sindinkaziona bwino, koma manja ndinkawadziwa onse. Dzanja la dzulo lili ndi chipsera, la lero n'laling'ono ngati lako. Ndinkatsinzina n'kulemba kuti wabwera. Zaka khumi ndi ziwiri ndinalemba bodza ndi zilembo zokongola zimene makina ako akuzikondazo."

Mafunso anayang'ana pepala lija pamiyendo pake. Ntchito ya miyezi isanu inali ikugwa iye akuona, ndipo woigwetsa anali munthu amene ankafuna kumusangalatsa.

"Tsono ndikuchenjeze," anapitiriza agogo. "Pepala silikana cholembera. Chilichonse cholembedwa chinalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo anali ndi mantha ake, chifundo chake, ndi bwana wake ataima kumbuyo. Ukafuna kudziwa mmene anthu ankakhalira, usamafunse buku lokha. Uzifunsanso kuti wolembayo ankaopa chiyani, ankateteza ndani. Ife tinawabisa anthu aja kuti ana awo asagone ndi njala. Iwe ukakaimirira Lachisanu n'kunena kuti ankakhuta ndi kunenepa, ukhala wawabisa kachiwiri, koma popanda womupulumutsa. Za manyazi anga usaganize, ndinathana nawo kalekale. Uganize za pakamwa pako."

Atatero anatola buluku lija n'kupitiriza kumasula msoko.

3. Zothimbirira za kumapeto kwa tsamba

Lachinayi m'mawa, m'chipinda cha makompyuta, Mafunso anauza Injiniya zonse. Mnyamatayo anamvetsera akutafuna chivindikiro cha cholembera.

"Aise, nkhani za agogo si umboni," anatero. "Agogo anga amati anapha njoka yotalika kuchokera pano mpaka pageti. Chaka chilichonse njokayo imakula."

"Ukunena zoona," anayankha Mafunso. "Ndiye tiwufune umboniwo. Tsegula zithunzi zoyambirira zija, zisanayeretsedwe."

Apa tifotokoze pang'ono. Masamba a mabuku aja anali ndi zothimbirira zakuda kumapeto kwa mzere uliwonse. Sabata yoyamba zinkasokoneza kompyuta, n'kumaziwerenga ngati ziro kapena eyiti. Injiniya ndiye anaiphunzitsa kuti chimenecho ndi litsiro, izichipukuta isanayambe kuwerenga. Tsiku limenelo onse anamuyamikira kuti ndi dolo, Mafunso yemwe anamugulira chakumwa.

Tsopano anakulitsa chothimbirira chimodzi mpaka chinadzaza sikirini. Sichinali litsiro. Chinali chidindo cha chala chachikulu, chimene wolandira malipiro ankadinda tsiku lolandira.

Anasankha nambala 212 ya ku utoto n'kuika zidindo za miyezi itatu pamodzi. Choyamba chinali chachikulu, chodulidwa pakati ndi chipsera. Chachiwiri chinali chachikulunso koma chosalala. Chachitatu chinali chaching'ono, chowonda. Sipanafunike wapolisi kuti aone kuti zala zimenezi sizinamere padzanja limodzi.

Anayesa manambala makumi awiri a ku utoto, ndipo khumi ndi asanu ndi awiri anali ndi zala zosiyana. Anayesa makumi awiri a m'chipinda choluka, ndipo onse anali ndi chala chimodzi chaka chonse. Injiniya anasiya kutafuna chivindikiro chija.

"Tingathe kuiphunzitsa kusiyanitsa zala?" anafunsa Mafunso.

"Pofika mawa? Ngakhale utandipatsa miyezi itatu." Anayang'ana kukhomo n'kutsitsa mawu. "Mvera, Mafunso. Sitinaname ife. Makina awerenga zimene zinalembedwa. Zidindozi akuzidziwa ndani? Iwe, ine, basi. Tipambane kaye, tikalowa ku yunivesiteko tikakonza mwakachetechete. Kwathu tilipo ana asanu ndi mmodzi, woyamba ndine. Ukuganiza kuti mwayi ngati uwu udzandipezanso kuti?"

Mafunso anadziwa kuti zimene ananena mnzakeyo zinali zoona ndithu. Anatuluka n'kukaitana Madamu.

Madamu anayang'ana zala zitatu zija, kenako anakhala pampando wa ophunzira, zimene sankachita.

"Ndikuuzeni mosabisa," anatero. "Lipoti linapita, silibwerera. Oweruza amapereka malikisi ambiri pa yankho lolimba. Mukakanena kuti yankho lanu lagwa, musayembekezere mphoto. Ine sindikugwirani pakamwa, komanso sindikuyankhulirani. Koma ndakhala ndi makinawa zaka zambiri, ndipo ndikuuzani khalidwe lake. Kompyuta ili ngati mwana womvera mopitirira muyezo. Ukaiuza kuti ichi ndi litsiro, idzachipukuta mpaka kalekale osafunsa. Munthu akalakwa amalakwa kamodzi, mwina n'kudzidzimuka. Iyo ikalakwa imalakwa kokwana zikwi zisanu ndi chimodzi mofanana, ndipo anthu amaikhulupirira chifukwa siichita chibwibwi. Nambala yanuyi ikangolowa m'buku, wina adzaikopera, winanso adzakopera kwa ameneyo. Mmene muzidzati mukonze mwakachetechete, idzakhala ili m'mayeso a ana anu. Ine ndalakwa nawo, chifukwa ndinaona masamba oyera aja osafunsa kuti chapukutidwacho n'chiyani. Pitani mukaganize."

4. Mawu a amayi

Madzulo dzuwa lisanalowe, amayi anali kusita yunifolomu ya Mafunso patebulo lodulirapo nsalu. Agogo anali atapita kukameta tsitsi, akuti sangakalowe mu holo ya yunivesite ngati tchire.

"Ndinamva zonse dzulo," anatero amayi, maso ali pa kolala. "Agogo ako ndi bambo anga, ndimawalemekeza. Koma iwo anadya kale zawo, iwe sunayambe. Anthu a ku utoto aja ambiri anapita, ukanena kapena usanene sadzuka. Ine msana uwu ukutha ndi makinawa. Ndikasoka madiresi a ana a eni ake opita ku yunivesite ndimati, Mulungu, wanga adzavala liti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe, wapachala ngwamphepo. Sindikuti uname. Ndikuti unene zimene munalemba, ukhale pansi. Chilungamo udzachinena uli ndi digiri, anthu adzakumvera bwino. Wosauka akanena zoona amangomuyamika, kenako amakwera basi kubwerera kwawo."

Mafunso anawakonda amayi ake kwambiri pa nthawi imeneyo, ndipo anawamvera chisoni. Anaona zala zawo zobayidwabayidwa ndi singano zikuwongola kolala mosamala.

"Amayi," anatero, "lero tapeza zidindo za zala zitatu pa nambala imodzi, ndipo chachitatu n'chaching'ono ngati chanu."

Amayi anaimika simbi. Kenako anatembenuza malayawo n'kuyamba kusita kumsana.

5. Mu holo

Lachisanu m'mawa, ali pakhomo la holo, Mafunso anauza Injiniya kuti, "Ndikanena. Zala zija uziike pafupi."

"Ukatero usadzandiyankhulenso," anatero Injiniya.

Holoyo inali yodzaza ndi ophunzira a masukulu khumi ndi awiri, aphunzitsi ndi makolo. Kutsogolo kunali oweruza atatu, wamkulu wawo mayi wa imvi wophunzitsa mbiri yakale. Amayi a Mafunso anakhala kumbuyo pamodzi ndi agogo, amene anavala jekete yawo ya maukwati ndi maliro.

Gulu lawo linali lachisanu ndi chiwiri. Injiniya anakhala pakompyuta kuti azisintha zithunzi pakhoma, Mafunso n'kuima pa maikolofoni. Anafotokoza za chiswe, anthu anaseka. Anafotokoza za kuphunzitsa makina seveni ndi wani, oweruza anagwedeza mitu. Kenako pakhoma panaoneka mzere wa anthu a ku utoto, wokwera bwino, ndipo woweruza wamkulu anamwetulira n'kulemba kanthu papepala lake. Aliyense anaona kuti mpikisano watsala pang'ono kutha.

"Izi ndi zimene tinalemba mu lipoti lathu," anatero Mafunso. "Dzulo tinapeza kuti n'zolakwika. Injiniya, tsegula zala zija."

Pakhoma sipanasinthe kanthu. Injiniya anali atayang'ana pansi, manja ali pamiyendo. Mafunso anadikira. Kenako mnyamatayo anapumira m'mwamba, natambasula dzanja, ndipo zala zitatu zinaoneka pakhoma, chilichonse chachikulu ngati chitseko.

"Iyi ndi nambala imodzi, miyezi itatu yotsatizana," anatero Mafunso. "Makina athu anaona munthu mmodzi wamphamvu, wosadwala. Koma anali anthu atatu odwala mosinthana, ogawana malipiro amodzi. Makinawo sanazione zalazi chifukwa ife tinawaphunzitsa kuti ndi litsiro. Tikagawa malipirowo patatu, anthu a ku utoto sakhala pamwamba, amatsikira pansi pa onse. Koma nambala yeniyeni sitikuidziwa. Sitikudziwa kuti manambala ogawana anali angati, kapena anthu angati pa nambala iliyonse. Chimene tikudziwa lero n'chakuti yankho limene tinakutumizirani musalikhulupirire."

Woweruza wina, bambo wa tayi yofiira, anakweza cholembera. "Mukudziwa bwanji kuti si kalaliki amene ankangodinditsa aliyense amene wamupeza? Mwina kunali kusasamala chabe."

Mafunso asanayankhe, kumbuyo kunamveka mpando ukukhuluzika.

"Pepani akuluakulu, sindine wophunzira," anatero agogo ataima chilili, jekete itamangidwa mabatani onse. "Kalaliki mukumunenayo ndine. Sikunali kusasamala. Ndinkasamala kwambiri. Ndikanapanda kusamala, anthu amenewo akanachotsedwa ntchito sabata yomweyo."

Anthu anatembenuka onse. Woweruza wamkulu anavula magalasi n'kufunsa agogo mafunso anayi okhudza amuna ndi akazi amene ankagawana manambalawo, iwo n'kuyankha onse mosazengereza, mpaka wosunga nthawi anaimba belu kawiri. Mafunso anabwerera pampando wake. Anali wonyada, kunyada kwina kosiyana ndi kwa Lachitatu kuja, kopanda mapewa m'mwamba.

6. Dzina loyamba

Zotsatira zinalengezedwa masana. Opambana anali atsikana awiri a sukulu ina, amene anafufuza mitengo ya zinthu pamsika, ndipo ntchito yawo inali yabwinodi. Gulu la Mafunso linakhala lachinayi. Woweruza wamkulu anati sanaonepo ophunzira olimba mtima chotere, koma malamulo ndi malamulo, malikisi amatsata lipoti. Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali. M'manja simulipirira sukulu, ndipo Mafunso anadziwa zimenezo.

Injiniya anakulunga zingwe zake n'kutuluka osatsanzika. Madamu anamutsatira. Mafunso anatsala pampando, ndipo misozi imene anaisunga kuyambira Lachitatu inatsika yokha. Malo aja a ku yunivesite anali atapita, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Amayi anabwera n'kukhala pambali pake. Mafunso anayembekezera mawu, koma iwo anatulutsa kansalu n'kumupukuta kumaso ngati mwana wa mkaka.

"Basi, usanyowetse kolala, ndinavutika nayo," anatero. Kenako anatembenukira kwa mayi wina wosamudziwa n'komwe amene ankadutsa, n'kunena mokweza kuti, "Ameneyu ndi wanga uyu. Woyankhula za zala uja."

Holo itatsala pang'ono kutha anthu, kunabwera mayi wachikulire wovala yunifolomu ya osesa, amene anali kusanja mipando. Anaima patsogolo pa Mafunso, manja atawapinda kumbuyo.

"Mwanawe, ndimamvetsera ndili pakhomo paja," anatero. "Makina akowo angathe kuwerenga munthu amene sanalembedwe paliponse?"

"Okha sangathe, amayi. Pokhapokha wina atawauza."

"Ndiye ndikuuze. Mayi anga analowa ku utoto zaka zisanu ndi zinayi pa nambala ya amalume. Anamwalira ndi chifuwa ine ndili ndi zaka khumi. Ndikamauza ana anga kuti agogo awo ankagwira ntchito ku fakitale, amati ndikupeka, chifukwa akazi sankalembedwa kumeneko. Lero ndi koyamba kumva munthu akunena pagulu."

Mafunso anatsegula chikwama chake n'kutulutsa kope la masamu. Analitembenuza n'kutsegula tsamba lomaliza, loyera.

"Dzina lawo anali ndani?"

Mayiyo anatchula dzinalo pang'onopang'ono, ndipo Mafunso analilemba pamwamba penipeni, ndi zilembo zazikulu, n'kuwaonetsa kuti aone ngati lalembedwa bwino. Mayiyo analiyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu.

"Amoyo amene analowamo alipo asanu ndi anayi," anatero. "Amakumana Lamlungu masana kwa mkulu wina kuseri kwa msika. Ndikhoza kukuperekeza. Koma ubwere wekha. A Kalalikiwa asayerekeze kupondako. Ambiri anawabisadi, sindikana. Koma mwa anthu amenewa alipo mmodzi amene sanamubise, ndipo mpaka lero dzina la a Kalalikiwa salitchula m'nyumba mwake."

Mafunso anatembenuka. Agogo anali ataima pafupi, ndipo anali atamva zonse. Sanakane, sanayang'anenso kumbali.

"Akunena zoona," anatero. "Upite Lamlungulo, ukalembe zonse zimene akakuuze, usakachotsepo kanthu chifukwa cha ine. Ukabwerako ndidzakuuza mbali yanga, ngati udzafune kuimva."